Musanamutche dzina mwana wamkazi, funsani kumene dzinalo lachokera

Kuno ku Nkhotakota khanda lachitsikana limatha kukhala ndi maina atatu sabata isanathe: lochokera kwa agogo kapena azakhali akuchimuna, la ku mzikiti kapena ku tchalitchi, ndi lina lomwe mayi analisunga mumtima ali woyembekezera. Kuchuluka kwa maina si vuto. Chovuta nchoti makolo ambiri amatenga dzina chifukwa likukoma m'khutu basi, tanthauzo lake nkudzalimva mwana ali kale ku sekondale.

Poyamba dziwani kuti dzinalo ndi la chiyankhulo chiti, chifukwa tanthauzo limapezeka kwa eni chiyankhulocho. M'boma lino maina amachokera mbali zambiri. Chisilamu ndi Chiswahili zinazika mizu kuyambira pomwe Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, nchifukwa chake Mwajuma ndi Halima ndi maina akwathu. Chakumpoto, cha ku Dwangwa, mumamva Chitonga ndi Chitumbuka. Ayao nawo alipo ambiri m'mbali mwa nyanja mpaka ku Salima.

Maina a Chichewa ndi osavuta kuwamasula, koma tcherani khutu kuti dzinalo likuyankhula ndi yani. Chisomo, Mphatso, Chikondi ndi Mwayi amatchula chinthu chomwe banja lalandira. Tadala ndi Takondwa ndi mawu a banja lonse, lija "ta-" ndi ife. Thokozani, Yamikani ndi Tamandani akuuza anthu ena chochita. Alinafe ndi chiganizo chathunthu, ali nafe, ndipo aliyense amadziwa kuti akunenedwa ndi Mulungu. Ambiri mwa mainawa alibe mwamuna kapena mkazi, ndiye ngati mukufuna kuti pa pepala azidziwika msanga kuti ndi mtsikana, phatikizani ndi dzina lachiwiri lachikazi. Yesaninso chidule chake, poti anthu sadzamuitana dzina lonse: Madalitso adzakhala Mada, Thokozani adzakhala Thoko, Tiyamike adzakhala Tiya. Naphiri, Nabanda ndi Nankhoma musawawerengere pano, amenewo ndi aulemu ochokera ku mfunda, adzamupeza okha akakula.

Pali maina ena omwe ndimapempha makolo kuti aganize kawiri. Mwandida, Ndaziona, Mwatitha, Nditani. Awa ndi maina oponyera mawu: mayi wakhumudwa ndi apongozi kapena mkazi mnzake, ndiye uthenga aupachika pa mwana. Mkangano umatha pakapita zaka ziwiri, apongozi aja mwina nkumwalira, koma mtsikana akuyankhabe "Mwandida" pa mzere wa kusukulu, pa ukwati wake, mpaka ku ntchito. Osawasakaniza ndi maina ngati Maliro kapena Manda, omwe makolo akale ankatcha mwana wobadwa pambuyo poti anzake amwalira motsatizana. Kumeneko kunali kumubisa mwana ku imfa, kuti ione ngati ndi wosafunika imupitirire. Chisoni chake nchomveka, komabe lero Chikumbutso, Pilirani kapena Limbikani amanyamula nkhani yomweyo popanda kumusenzetsa mwana manda.

Ku Chitumbuka, Lusungu ndi chifundo, Tawonga ndi tathokoza, Vitumbiko ndi madalitso. Koma Suzgo ndi vuto ndipo Masozi ndi misozi, ngakhale kwa Mchewa amamveka bwino. Ku Chiyao, Upile ndi mwayi, Atupele ndi watipatsa. Funsani munthu wamkulu woyankhula chiyankhulocho, musadalire ndandanda wa pa intaneti, chifukwa yambiri imangolemba kuti dzina ndi "la ku Africa" nkulipatsa tanthauzo lokongoletsa.

Kwa Asilamu dzina limaperekedwa pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, tsiku la Aqiqah, pomwe mwana amametedwa tsitsi ndipo kwa mtsikana amazinga mbuzi kapena nkhosa imodzi, kwa mnyamata ziwiri. Aisha ndi wamoyo, Halima ndi wofatsa ndi woleza mtima, Rahma ndi chifundo. Mwajuma ndi la Chiswahili, la mwana wobadwa Lachisanu, ndiye kumutcha wobadwa Lolemba nkusemphanitsa, pokhapokha ngati akutengera agogo ake. Khadija kwenikweni limanena mwana wobadwa masiku asanakwane, koma palibe amalitcha pa chifukwa chimenecho: amalitcha polemekeza mkazi woyamba wa Mtumiki Muhammad. Apa pakuoneka kuti dzina lili ndi matanthauzo awiri, la mawu ake ndi la munthu yemwe analitchukitsa, ndipo muyenera kuwayeza onse.

Chimodzimodzi ku maina a Chikhristu. Hana ndi chisomo m'Chiheberi, Debora ndi njuchi, Rakele ndi nkhosa yaikazi. Naomi ndi wokondweretsa, koma pa Rute 1:20 iye mwini anapempha kutchedwa Mara, kutanthauza kuwawa, atafedwa mwamuna ndi ana ake awiri. Tabita ndi Dorika ndi dzina limodzi m'ziyankhulo ziwiri, monga akunenera Machitidwe 9:36, ndiye kumutcha mwana onse awiri nkubwereza. Irene ndi mtendere m'Chigiriki, Dorothy ndi mphatso ya Mulungu, Stella ndi nyenyezi m'Chilatini. Cecilia amachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza wosaona, komabe Akatolika amalikonda chifukwa cha Cecilia Woyera, nkhoswe ya oyimba. Delila limatchulika bwino, koma aliyense wowerenga Baibulo adzakumbukira Samsoni.

Mukagwirizana, nkhani yotsala ndi kalembedwe, ndipo apa mpomwe ambiri amapunthwa. Pachikhalidwe dzina limadikira kuti mchombo ugwe mwana atuluke m'chikuta, pomwe kuchipatala amafuna kulemba msanga. Ndiye mayi amatchula dzina longoyembekezera, kumudzi nkutcha lina, ku sukulu nkulembetsa lachitatu. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe ku National Registration Bureau pasanathe masabata 6 chibadwire, kudzera pa fomu ya NR8. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti mbali zonse ziwiri za banja zimvane, koma kambiranani mimba ikadali miyezi isanu ndi itatu, musadikire tsiku lochira.

Lembani nokha dzinalo pa pepala, zilembo zikuluzikulu, mupatse wolembayo akopere. Kungotchula pakamwa ndiko kumabala Pilirani pa kabuku ka kusikelo ndi Pirirani pa chiphaso cha kubadwa, kapena Aisha, Ayisha ndi Asha kwa mwana mmodzi, poti "l" ndi "r" m'kamwa mwathu zimalowana. Onaninso dongosolo lake, loyamba liti, lapakati liti, la bambo liti. Kalembedwe komweko kapite ku Sitandade 1, chifukwa ndiko kadzafike ku MANEB pa mayeso a Sitandade 8, kenako pa chiphaso cha unzika akadzakwanitsa zaka 16. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa satifiketi ya MSCE ndi chiphasocho, mtsikanayo adzayenda m'maofesi ndi kalata yolumbira kuti atsimikize kuti anthu awiriwo ndi iye yemwe.