Mmene ndinapangira ma graphene quantum dots mu labu

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti timadontho towala tija, ma graphene quantum dots, mumatipanga bwanji, ndiye ndati ndifotokoze njira yomwe ndinadutsamo ineyo kuyambira pa ufa mpaka pa madzi owala buluu. Poyamba kaye, graphene ndi kaboni yemwe maatomu ake ayalana ngati chisa cha njuchi, kukhuthala kwake atomu imodzi basi. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ndi omwe anamupatula ku Manchester mu 2004, mu 2010 nkulandira mphoto ya Nobel. Graphene akakhala chinsalu chachikulu sawala ayi, koma mukamudula kukhala tizidutswa tosapitirira nanomita 20 ma electron, tinthu tonyamula magetsi ta mu maatomu, amapanikizika, amasowa koyenda, ndiye ukawalitsa kuwala kwa UV, komwe maso sakuona, timabweza kuwala kwamtundu. Nanomita imodzi ndi mita kuigawa ka biliyoni.

Njira zilipo ziwiri. Ina mumayamba ndi chachikulu nkuchiphwanya, monga graphite, kaboni wa mkati mwa pensulo, kapena malasha amwala, ndi asidi wamphamvu komanso kutentha, koma imeneyo imafuna masiku komanso asidi ake ndi oopsa ndithu. Ine ndinasankha yomanga kuchokera pansi, kuwotcha citric acid, njira yomwe inasindikizidwa mu 2012 ndipo malabu ambiri amayambira pomwepo chifukwa zipangizo zake nzosavuta kupeza.

Ndinayeza magalamu 2 a citric acid, ufa woyera ngati mchere, nkuika mu kabotolo ka galasi kakang'ono, nkukhazika pa chotenthetsera pa madigiri 200. Magolovesi, magalasi oteteza maso, ndipo zonse ndinachitira mu fume hood, kabati yokoka utsi, chifukwa utsi wake umatsokomoletsa. Pa madigiri pafupifupi 153 ufa uja umasungunuka, mphindi zisanu zisanathe unali madzi oyera mbee, kenako timathovu tinayamba kutuluka, amenewo ndi madzi ndi mpweya womwe ukuchoka pamene tizigawo ta kaboni tikulumikizana. Apa ndi pomwe pamafunika maso. Madzi aja amasanduka chikasu chotuwa, kenako chikasu chenicheni, kenako olenji, ndipo pa mphindi 30 mumayenera kuchotsa. Ulendo woyamba ndinachokapo pang'ono kukakonza zina, pobwera ndinapeza zada bii zaumirira pansi pa galasi, zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa tsiku lonse linapita. Zikapitirira choncho tizidutswa timakula nkukhala chinthu chonga graphene oxide, graphene wodzaza okosijeni, kuwala kuja kumachepa kwambiri. Ulendo wachiwiri ndinakhala pompo, wotchi mmanja, osasuntha.

Madzi a olenji aja akadali otentha ndinawadonthezera pang'onopang'ono mu mamililita 100 a sodium hydroxide, wa mamiligalamu 10 pa mililita iliyonse, chovundulira chikuzungulira mwamphamvu. Osathira kamodzi, amagwirana nkukhala chibuma. Nditaonetsetsa kuti pH, muyeso wa asidi, yafika pa 7 pomwe ndi pakatikati, ndinazimitsa magetsi nkuyatsa nyali ya UV ya nanomita 365. Abale, kabotolo kaja kanawala buluu wokongola, ngati kuti kuwalako kukuchokera mkati mwa madzi mwenimwenimo, ndinakayang'ana nthawi yaitali ndisanakumbuke kujambula.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amaima pomwepa nkulengeza kuti apanga ma quantum dots. Kuwala kwa buluu si umboni wokwanira. Mukawotcha citric acid, makamaka mukaonjezera urea kapena ethylenediamine kuti nayitrojeni alowemo kuwala kukule, pamapangikanso timamolekyu ting'onoting'ono towala paokha tomwe si graphene nkomwe, ndipo nthawi zina kuwala kwakukulu komwe mukuona nkwa timeneti. Ndiye ntchito yeniyeni ndi kutsuka. Ndinasefa kaye, kenako ndinathira mu kathumba ka dialysis, komwe kamatulutsa timamolekyu ting'onoting'ono tokha, nkukamiza mu madzi oyera a labu, kusintha madziwo mmawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Madzi akunja kwa kathumba tsiku loyamba ankawalanso buluu pansi pa UV, kusonyeza kuti zinyalala zowala zikutulukadi, ndipo ndinapitiriza mpaka akunjawo atasiya kuwala. Zotsala mkati zinkawala mocheperako kusiyana ndi poyamba, ndinakhumudwa pang'ono inde, koma kuwala kotsalako ndi komwe ndikanatha kukuimira pamaso pa aliyense.

Kenako kuyeza. Pa makina oyeza kuwala timadontho tanga tinkameza kuwala cha pa nanomita 360 nkutulutsa cha pa 460, buluu uja. Gawo la kuwala komezedwa lomwe limabwezedwa, lomwe timati quantum yield, ndinayerekeza ndi quinine sulfate, mankhwala owala oyerekezera, yemwe wake ndi 0.54 mu asidi wa sulfuric wothiridwa madzi. Kukula kwa timadonthoti ndinakaona pa TEM, mayikulosikopu ya ma electron, ndipo AFM, mayikulosikopu yofufuza pamwamba ndi kansonga, ndi yomwe imakuuzani kukhuthala, ngati tili ndi mizere yochepa ya kaboni kapena ndi timipira chabe. Ngati ndi timipira, nenani chilungamo kuti ndi ma carbon dots.

Mwina mukufunsa kuti kuvutika konseku nchifukwa chani. Ma quantum dots odziwika kwambiri, aja anapatsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov mphoto ya Nobel mu 2023, ambiri amapangidwa ndi zitsulo monga cadmium, amawala bwino zedi mpaka ali mu ma TV ena, koma cadmium ndi poizoni mthupi. Athuwa ndi kaboni, amasungunuka mmadzi mosavuta chifukwa cha timagulu ta okosijeni mmbali mwake, ndipo sazilala msanga ngati utoto wina wowala womwe timapaka maselo. Ine ndinayesa zinthu ziwiri. Choyamba ndinadonthezera madzi okhala ndi chitsulo chosungunuka, Fe3+, mu timadonthoti, kuwala kunayamba kuzima ndikuona, dontho lililonse kumachepa, ndipo umu ndi mmene anthu amapangira zoyezera zitsulo mmadzi. Chachiwiri mnzanga wa ku labu ya maselo anatithira pa maselo a khansa olimidwa mu mbale, tinayamba ndi mayeso a MTT kuti tione ngati maselo akufa, kenako pa mayikulosikopu tinaona mkati mwa maselo mukuwala buluu, pakati pomwe pali nucleus, chimake cha selo, pali mdima.

Ofufuza ena amamata mankhwala a khansa monga doxorubicin pamwamba pa timadonthoti kuti tiwanyamule mpaka mu selo, ena amatiwalitsa kuti titulutse okosijeni wolusa wopha maselo a chotupa. Zambiri mwa izi zikadali mmbale za labu ndi mu mbewa, ndiye wodwala asamve ngati mankhwala afika kale. Vuto lina lomwe ndikulimbana nalo panopa ndi loti kuwala kwa buluu sikulowa patali mmnofu, kofiira ndi komwe kumalowa, ndiye ulendo wotsatira ndikufuna ndiyese kuonjezera nayitrojeni ndi kusintha madzi osungunulira kuti mtundu usunthire kofiira, ndipo ndidzatsukanso masiku atatu omwewo ndisananene chilichonse.