Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Ngongole Imene Sindinakongole

Sabata yatha tinalekezera pamene ndege inatera ku Muscat, m'dziko la Oman, ine n'kumayesa ndi Dubai monga ananenera ejenti wa ku Lilongwe uja. Munali mu 2022. Pasipoti anandilanda pabwalo la ndege pomwepo, ati andisungire. Pasipoti yomwe amayi anatengera katapila kwathu ku Mponela, chikole chake dimba lathu.

Nyumba inali yosanja, ana asanu, kuphatikizapo agogo odwala ofunika kuwasambitsa. Kudzuka 4 koloko m'bandakucha, kugona pakati pa usiku. Dzina langa palibe analiphunzira, ndinali "shagala" basi, wantchito. Kutentha kwake musafunse, ku Nsanje n'kozizira. Ndikamakolopa panja masana, matailosi ankawotcha mapazi ngati chiwaya.

Itatha miyezi itatu ndisanaone ngakhale rial imodzi, ndalama ya kumeneko, ndinagwada.

"Madam, ndikufuna kwathu."

Anaseka. Anatulutsa pepala la Chiarabu lokhala ndi chidindo cha chala changa, n'kulankhula pafoni yomasulira mawu. Foni ija inanena mosazengereza: "Tinakugula ku ofesi. Bweza madola 2,500, uzipita."

Ine kukongola liti? Ndalamazo anagawana a ofesi yopezera anthu antchito ku Oman ndi ejenti, ine sindinazione n'komwe, koma ngongole inagwera pamutu panga. Kumeneko amati kafala: viza yako imamangiriridwa pa dzina la bwana, ndipo ukathawa n'kukakunenera kupolisi, wolakwa ndiwe. Ukadandaula kwambiri amakubweza ku ofesi, ofesi n'kukupereka kunyumba ina. Mbuzi ya pamsika ndiye yomweyo.

Kafoni kanga ndinkakabisa m'thumba la mpunga m'chipinda chosungiramo zakudya. Pasiwedi ya intaneti anandiuza ndi kamwana kawo kachisanu, malipiro ake tchipisi. Usiku wina ndinapeza uthenga wa mawu wa amayi: "Mwanangu, akatapila aja abweranso, akuti alanda dimba. Utumiza liti?" Ndinayankha kuti mawa. Bodza, Mulungu andikhululukire.

Usiku womwewo mtsikana wa ku Mangochi amene tinakwera naye ndege ku Addis Ababa anandilowetsa m'gulu la WhatsApp limene anayambitsa mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Patsogolo pake tinapitirira 50 mmenemo, tonse Amalawi, tonse ku Oman. Ndinamvetsera mauthenga awo mpaka mzikiti unayamba kuitana. Kenako ndinalemba, chala chikunjenjemera: "Nanenso ndili konkuno."

Zimene anandiyankha, tikumane Lachisanu mu Gawo 7.