Mkonono uja ndi wanga, koma mundimve kaye

Inde, ndine. Voice note ija yazungulira mafoni anu onse, mpaka kwa anthu oti kutchalitchi anasiya kalekale, ndi yanga. Musanayambe kundilizira mkonono tikakumana, dziwani chinthu chimodzi chimene aliyense akuchilumpha dala: ndinkapemphera.

Ndinali nditatopa ndi mapemphero aja a "Ambuye zikomo, ameni" uku mwendo umodzi uli kale mu nsapato. Maliko 1:35 amati Yesu anadzuka kukadali mdima n'kupita kwayekha kukapemphera, ndiye ine ndinati nanenso. Mateyu 6:6 amati ulowe m'chipinda utseke chitseko, ine ndinatseka n'kukhoma ndi kiyi yemwe. Danieli ankagwada katatu pa tsiku, ine ndinaona kuti katatu konseko ndingokuphatikiza kukhale ola lathunthu m'bandakucha. Ndondomeko ndinalemba papepala: kuyamika, kulapa, kupempherera ena, kenako Salimo 119 lonse. Amene simunaliwerengepo, lili ndi mavesi 176. Wolemba zimenezi ndi munthu woti Pemphero la Ambuye ndikamafika pa "mutikhululukire" maganizo amakhala atafika kale kuntchito.

Alamu italira ndinadzukadi, ndipo pamenepa mundiombere m'manja. Ndinagwada patsogolo pa mpando. Kuyamika kunatha msanga. Kulapa kunatha msanga kuposa apo, poti usiku wonse ndinali m'tulo, ndikanachimwa nthawi yanji? Nditayang'ana wotchi, muvi unali usanasunthe n'komwe. Ndiye ndinatsegula gulu lathu la mapemphero pa WhatsApp kuti ndione mayina a odwala ndi ofuna ntchito, mayina anu omwe mukusekanu. Foni ndinaiika pampando, ndinapinda manja, n'kuweramitsa mutu modzichepetsa.

Mphumi inakatera pa kabatani ka maikolofoni.

Ndaimvetsera voice note ija mobwerezabwereza, ndipo ndikuuzeni, ili ndi mutu ndi mchira. Imayamba ndi mawu aulemu, akuya: "Atate, ndabwera pamaso panu ndi abale anga awa..." Kenako zii. Munthu ungaganize kuti ndikudikira yankho. Ndiye chapansipansi kumayamba kamkokomo, ngati galimoto yakale imene ikuganizira ngati ilire kapena ayi. Kamakwera. Kamakwerabe. Kakafika pamwamba kamaima, kamagwira mpweya nthawi yaitali moti mlongo wina akuti anayamba kuganiza zoitana ambulansi, kenako kamatsika ndi kalikhweru kopyapyala kumapeto. Likhweru limenelo sindinkadziwa kuti ndili nalo. Ndakhala m'kwaya, ndayesa mawu onse, koma noti imeneyo sindinaifikepo ndili maso. Chapakati pamamveka mpando ukulira, ine n'kumeza malovu mwaulemu, n'kunena momveka bwino kuti, "Ayi, ndinabweza kale." Ndani, chiyani, musandifunse. Kenako mkonono umayambiranso pa vesi loyamba.

Chinandidzutsa ndi chitseko. Mayi a kunyumba anali atagogoda mpaka dzanja kuwawa. "Abambo, mwafika kale kumwambako kapena mukadali m'njira?" Ndinadzidzimuka n'kufuula "Ameni!" mwamphamvu kuti amve kuti ndinali maso. Ameni ameneyo ali m'voice note. Mphumi itachoka pa kabatani, uthenga unapita. Kwa gulu lonse, abusa omwe.

Ndinkati ndifufute, koma ndinapeza anthu ayankha kale. Amayi ena achikulire, mzati wa gulu lathu, analemba kuti, "Ameni mwana wanga, Mzimu akubuula mwa inu," n'kuikapo Aroma 8:26, paja pamakamba za kubuula kosatheka kuneneka ndi mawu. Mulungu awadalitse amayi amenewa, ndiwo okha ali ndi makutu auzimu m'gulu monse muja. Achinyamata anangodzaza tinkhope toseka mpaka misozi. Abusa sanachulutse gaga m'diwa, anangolemba: "Mateyu 26:40." Ndinatsegula ndili ndi chiyembekezo. Ndi paja Yesu akufunsa Petro ku Getsemane ngati analephera kukhala maso naye ngakhale ola limodzi. Ola limodzi, abale, lomwe lija ndinalemba papepala langa.

Koma tiyeni tiwerenge bwinobwino, abusa. Anagona kumeneko ndi ndani? Petro, Yakobo ndi Yohane, osankhidwa pakati pa osankhidwa. Anadzutsidwa n'kugonanso. Petro yemweyo analalikira pa Pentekoste anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa. Yakobo wa m'Genesis 28 anaona makwerero ofika kumwamba ali m'tulo, atatsamira mwala. Eliya anapemphera pansi pa kamtengo n'kugona pomwepo, ndipo mngelo atabwera sanamutumizire vesi lomudzudzula. Utiko uja wa pa Machitidwe 20 anasinza Paulo akulalikira, n'kugwa pawindo kuchokera pa nsanjika yachitatu. Ine ndinangogwera pampando, palibe anavutika kundiukitsa. Ndipo Salimo 127:2 limanena poyera kuti kulawirira m'mamawa n'kwachabe, Mulungu amapatsa tulo okondedwa ake. Vesi limenelo ndinalipeza mochedwa, koma lilipo.

Ndinawatumizira abusa mavesi onsewa. Anayankha ndi chala chachikulu basi. Sindikudziwa ngati akugwirizana nazo.

Panopa ndimapemphera choimirira, maso ali otsegula, nyali yoyaka, foni ili chipinda china yozimitsa. Mayi a kunyumba analanda kiyi. Akuti Mateyu anati kutseka, za kukhoma ndinawonjezera ndekha. Chodabwitsa n'chakuti mayina aja ndimawatchuladi tsopano, ngakhale a inu amene munaika mkonono wanga kukhala kulira kwa foni yanu. Ndikukudziwani, inalira Lamlungu pa nthawi ya zopereka.

Salimo 119 ndaliimika kaye. Ndayamba ndi 117, lili ndi mavesi 2 okha, ndipo dzulo ndinafika pakati.