Galu wasamba, mankhwala a utitiri ndimuthire liti?

Galu ndikamusambitsa Loweruka m'mawa, mankhwala odontheza a utitiri ndimamuthira Lolemba. Maola 48 apakatiwa ali ndi ntchito yake. Mankhwala ngati Frontline, omwe muli fipronil, sadalira magazi kuti ayende. Amatsata mafuta achibadwa a pakhungu la galu, n'kufalikira thupi lonse, kenako amasungika m'timatumba ta mafuta ta m'tsinde mwa ubweya. Sopo amakokolola mafuta amenewa. Mukathira pakhungu losamba kumene, mankhwala amangokhala pamene mwadonthezapo, utitiri n'kumadya bwinobwino cha kumchira.

Posambitsa ndimagwiritsa ntchito madzi ofunda ndi shampu ya agalu. Sopo wa ufa wochapira zovala ndimamukana, chifukwa amaumitsa khungu kwambiri, ndipo galu amayamba kudzikanda ngakhale utitiri utatha. Kuno ku Mzuzu vuto lina ndi kuuma. Mu June ndi July kukazizira, kapena mvula ya mawawa ikagwa tsiku lonse, galu waubweya wambiri amauma pamwamba pokha. Choncho ndimamusambitsa cha m'ma 10 koloko dzuwa litatuluka, n'kumupukuta ndi thaulo. Lolemba likafika ndimapisa zala mpaka pakhungu. Pakakhala chinyezi, ndimadikira tsiku lina.

Ndisanagule mankhwala ndimamuyeza kaye. Ndimakwera pa sikelo nditamunyamula, kenako ndekha, n'kuchotsera. Timachubu ta Frontline timabwera molingana ndi kulemera: makilogalamu 2 mpaka 10, 10 mpaka 20, 20 mpaka 40, ndi 40 mpaka 60. Kugawa kachubu kamodzi kwa agalu awiri n'kutaya ndalama basi. Kamwana ka galu kosakwana masabata 8 sindikathira.

Pothira ndimapatula ubweya pakati pa mapewa mpaka khungu lioneke, n'kufinyira kachubu konse pakhungupo. Pamenepa galu safikapo ndi lilime. Akakhala wamkulu ndimagawa pamalo awiri, pa mapewa ndi kuseri kwa khosi, kuti mankhwala asayenderere m'mbali. Sindipakapaka ndi dzanja, ndipo ana asamugwire mpaka pauma.

Maola 48 otsatira, madzi asamukhudze. Asasambe, asanyowe ndi mvula, asakalowe m'dambo. Nyengo ya mvula ndimamugoneka pakhonde kapena m'khola lofolera masiku awiri amenewa. Tsikulo ndimalilemba pa kalendala, chifukwa ndimabwereza pakatha mwezi.

Ngati pakhomo pali mphaka, werengani pa paketi. Mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amatha kupha mphaka, ngakhale atangogona moyandikana ndi galu wothiridwa kumene. Ndipo ngati galu wanu ndi wokonda madzi, mapiritsi otafuna ngati NexGard, wa mwezi umodzi, kapena Bravecto, wa masabata 12, amachotsa nkhani yodikirayi, popeza amagwira ntchito kudzera m'magazi. Funsani dokotala wa ziweto za mlingo wake.

Anthu ambiri amati mankhwala ndi abodza akaona utitiri patatha sabata. Nthawi zambiri vuto limakhala pogona galu. Utitiri waukazi umatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku, ndipo amagwera pa chiguduli, m'fumbi ndi m'ming'alu ya simenti, n'kumaswa pang'onopang'ono. Tsiku losambitsa galu ndimachapanso chiguduli chake m'madzi otentha, n'kusesa m'khola ndi kuwotcha zinyalalazo, ndipo ndimapitiriza kuthira miyezi itatu yotsatizana osadumphitsa.