Kasinja woyenda m'malere ku Orlando

Kasinja wolemera matani oposa 60 ankayenda m'malere, mamita ngati 30 pamwamba pa mchenga, fumbi likufuka kumbuyo kwake bwinobwino. Izi zinali pa sikirini yaikulu ya kampani ina mu Orange County Convention Center ku Orlando, pa msonkhano wa I/ITSEC. Msonkhanowu umachitika chaka ndi chaka kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo umasonkhanitsa anthu ophunzitsa asilikali nkhondo pa makina oyeserera. Kampaniyo inali italumikiza makina ake a helikopita ndi makina a kasinja a oyandikana nawo, pofuna kuonetsa akuluakulu a usilikali kuti zida ziwirizi zimamvana. Woyendetsa kasinja ankadziona ali pansi. Wa helikopita ankamuona akuuluka.

Wogulitsa wovala suti anasintha nkhani msangamsanga. Koma mayi wina wa imvi, mmodzi mwa amisiri a kampaniyo, anakoka mpando, n'kutsegula laputopu, n'kukodola ophunzira a kuyunivesite amene anaima chapafupi kuti asendere adzaone.

Sanakhudze chithunzi cha kasinja. Anatsegula Wireshark, pulogalamu yaulere yoonera mauthenga oyenda pa netiweki, n'kusefa a pa port 3000, khomo lomwe mauthenga a makinawa amadutsira. Makina ambiri otere amalankhulana m'njira yotchedwa DIS, yolembedwa mu muyezo wa IEEE 1278, imene inachokera ku SIMNET, netiweki ya makina oyeserera nkhondo ya m'zaka za m'ma 1980. Palibe kompyuta yaikulu yolamulira onse. Makina aliwonse amangolengeza za chinthu chawo kudzera mu uthenga wa Entity State PDU: ndine uje, ndili apa, ndikuthamanga chonchi, ndalunjika uko. Mayiwo anayamba ndi nambala ya Exercise ID, yosonyeza masewero a nkhondo omwe makina ali nawo, chifukwa ikasiyana makina awiri saonana n'komwe. Inali yofanana. Anaona manambala a mtundu wa chida: 1 kutanthauza chida choyenda, 1 wina kuti ndi cha pamtunda, 225 dziko la United States, 1 womaliza kasinja. Manambalawa akalakwika, kasinja wanu amaoneka ngati lole kapena kabokosi chabe kwa mnzanu. Analinso bwino.

Vuto linali pa kutalika kopita m'mwamba. DIS imafuna malo a chinthu ayezedwe kuchokera pakatikati pa dziko lapansi motsatira WGS 84, muyezo womwewo wa GPS. Koma mapu ambiri amapereka kutalika kochokera pamwamba pa nyanja, ndipo miyezo iwiriyi siyenderana. M'madera ambiri a United States imasiyana ndi mamita 20 mpaka 30 ndi kuposerapo. Makina a kasinja ankatenga nambala ya pa mapu n'kuitumiza osaisintha, ndiye olandira ankamuika kasinjayo pomwe auzidwa. Pali kanjira kachidule, ground clamping, kongomukanikiza kasinja pansi kuti aoneke bwino. Mayiwo anakana. Chithunzi chikhoza kukongola, koma mzinga ukaombedwa, uthenga wa Detonation PDU umanena pomwe waphulikira, ndipo amene amagamula ngati kasinja waonongeka ndi makina a kasinja yemweyo. Ngati makinawo akuwerengera malo ena, msilikali woomba molondola amauzidwa kuti waphonya, n'kuzolowera kuomba molakwika. Anasintha kawerengedwe ka kutalika m'fayilo, n'kuyatsanso makina, kasinja anatera.

Ophunzira aja anafunsa chifukwa chomwe magalimoto ena amadumphadumpha pa sikirini. Yankho ndi dead reckoning. Pofuna kuti netiweki isadzaze, makina satumiza uthenga nthawi zonse. Olandira amangoyerekeza komwe galimoto yafika potengera liwiro lomaliza, ndipo mwini galimoto amatumiza uthenga watsopano kuyerekezako kukaphonya ndi mita imodzi kapena madigiri 3, kapena pakatha masekondi 5. Pakadutsa masekondi 12 kuli zii, galimotoyo imafufutidwa. Mukakweza malirewo, netiweki imapuma koma magalimoto amadumpha. Mukawatsitsa kwambiri, mauthenga amachuluka n'kuyamba kutayika.

Za njira yofikira ku Orlando n'zosatenga nthawi kufotokoza: Lilongwe, Addis Ababa, Washington, kenako Orlando, msana utauma. Chotopetsa ndi viza. Ndalama yofunsira ndi madola 185, ndipo mu Ogasiti 2025 boma la United States linaika chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza ya alendo. Malamulowa akusinthasintha, choncho fufuzani musanagule tikiti. Kuchokera pa bwalo la ndege, basi ya LYNX nambala 42 imapita ku International Drive, msewu womwe kuli malo a msonkhanowu, pa madola 2, koma imazungulira mpaka kugona nako tulo. Mtengo wa hotela umene mwaona pa intaneti si womwe mudzalipire, chifukwa amaonjezera msonkho wa 12.5 peresenti, ndipo mahotela ena amaikanso ndalama ina yotchedwa resort fee ngakhale simunaponde m'dziwe losambira. Ku lesitilanti amayembekezera kuti musiyire woperekera zakudya 18 kapena 20 peresenti. Valani nsapato zofewa ndipo tengani juzi: kunja n'kofunda, m'holo mukuzizira ngati ku Dedza mu Juni.

Lolemba la sabata ya msonkhano musaliphonye. Ndilo tsiku la maphunziro afupiafupi, pomwe amafotokoza DIS, mnzake HLA wa IEEE 1516 (njira ina yolumikizira makinawa), ndi mitundu itatu ya kuyeserera. Live ndi asilikali enieni ndi zida zenizeni kutchire. Virtual ndi munthu weniweni m'makina, ngati woyendetsa helikopita uja. Constructive ndi magulu a nkhondo oyendetsedwa ndi kompyuta, monga m'mapulogalamu a JCATS kapena OneSAF, pomwe akuluakulu amaphunzira kulamula osawotcha dizilo ndi dontho lomwe. Anthu ambiri amathamangira ku holo ya zionetsero kukavala magalasi a VR, zipinda za maphunziro n'kuzisiya.

Chimandinyansa ndi ichi. Nthumwi zochokera kumayiko osauka zimaima pa makina onyezimira n'kufunsa mtengo, osafunsa kuti adzawasamale ndani. Asilikali a pamtunda a United States ali ndi gulu lapadera la maofesala, FA57, amene ntchito yawo ndi yomweyi: kukonza masewero a nkhondo, kulumikiza makina, ndi kutsimikiza kuti zomwe makina akunena zikufanana ndi zenizeni. Kum'mawa kwa mzindawu, pafupi ndi University of Central Florida, kuli Central Florida Research Park komwe nthambi za usilikali zogula makinawa zili ndi maofesi, ndipo yunivesiteyo imapereka digiri ya masters ndi PhD pa phunziro la makina oyeserera. Zomwezo zilinso ku Old Dominion University ku Norfolk ndi ku MOVES Institute ya Naval Postgraduate School ku Monterey. Kwa amene ali kale pa ntchito pali mayeso a CMSP, opezera satifiketi ya ukatswiri pa ntchitoyi. NATO ili ndi likulu lake la zimenezi ku Rome.

Koma poyambira sipafuna tikiti ya ndege. Pezani malaputopu awiri ndi waya wa netiweki, ikani Wireshark ndi Open-DIS, pulogalamu yotumizira mauthenga a DIS, imene inachokera ku MOVES ndipo ndi yaulere. Tumizani galimoto imodzi kuchokera ku laputopu ina, muione ikufika ku inzake. Kenako sokonezani dala: sinthani Exercise ID, sinthani nambala ya mtundu, onjezerani mamita 30 pa kutalika, ndipo lembani zomwe zikuchitika nthawi iliyonse. Ngati palibe chomwe chikufika, onani kaye firewall, pulogalamu yotchinga mauthenga olowa m'kompyuta, chifukwa kawirikawiri ndiyo imatsekereza mauthenga a UDP, mtundu womwe DIS imagwiritsa ntchito.