Mmene ndinakonzera thanki ya nsomba m'nyumba mwathu ku Johannesburg

Ndinakulira ku Monkey Bay, komwe nsomba ndi ndiwo. Chambo, kampango, utaka, usipa, zonsezo timazidziwa zili pathandala kapena mumphika. Mbuna sitinkaziwerengera n'komwe, tinkangoziona zikuzungulira m'miyala tikamasambira. Ndiye tsiku lomwe ndinalowa m'sitolo ya ziweto kuno ku Johannesburg n'kuona thanki yolembedwa kuti Malawi cichlids, ndinangoti kakasi. Tinsomba tomwe tija, tachikasu ndi tabuluu tamizeremizere, tili waliwali pansi pa getsi, anthu akutigula ndi ndalama zambiri ndithu. Mwana wanga wamkazi anandikoka malaya: "Adadi, tigule." Tsiku lomwelo mtima wofuna kuweta nsomba unandilowa.

Ulendo woyamba zinavuta. Ndinagula kathanki ka malita 30, n'kuthiramo madzi a pampopi, madzulo omwewo n'kuikamo nsomba 10 za mitundu yosiyanasiyana. Madzi anali mbee. Pofika tsiku lachisanu nsomba zinayamba kuyandama pamwamba zikupuma mwawefuwefu, zipsepse zitapindika, chakudya osachiyang'ana. Sabata isanathe zinatsala ziwiri. Mwana analira, inenso zinandiwawa kwambiri, chifukwa zinafera m'manja mwanga pa chinthu chomwe ndikanatha kupewa.

Chomwe ndinadzamvetsa pambuyo pake n'chakuti woweta nsomba za m'thanki amayamba waweta madzi. Nsomba imatulutsa ammonia popuma ndiponso m'ndowe zake, chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso ammonia yemweyo. M'nyanja zimenezi zimasungunuka m'madzi ochuluka. Muthanki zilibe kopita, ndipo ammonia amapsereza ziwalo zomwe nsomba imapumira. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala mufyuluta, chida chosefera madzi: gulu lina limasandutsa ammonia kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwenikweni akakhala wochepa. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira ngakhale madzi ataoneka oyera bwanji. Nsomba zanga zija zinafa ndi zinyalala zake zomwe.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi thanki yaikulu, ya malita 120, kutalika masentimita 80. Anthu ambiri amaganiza kuti yaing'ono ndiye yosavuta, koma madzi ochepa amaonongeka msanga, amazizira msanga, cholakwika chilichonse chimakula nthawi yomweyo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, katunduyu amafika makilogalamu pafupifupi 150. Tebulo wamba sangathe. Ndinagula kabati yake yeniyeni, n'kuiika pakhoma lomwe silifika dzuwa, chifukwa dzuwa likamaomba pagalasi ndere zimamera mosaletseka. Ndinayezanso kuti pamwamba pake pakhale pofanana bwino, kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi.

Pansi ndinayala mchenga wosalala m'malo mwa timiyala takuthwa, chifukwa ndinkadziwa kale kuti ndidzafuna nsomba zofukula pansi. Ndinautsuka mundowa maulendo ambirimbiri mpaka madzi atasiya kuda, popanda sopo. Sopo ndi nsomba sizionana, ndipo ndowa ya nsomba kwathu ili payokha, sichapiramo munthu. Ndinaikamo chipika chogula kusitolo komweko, miyala ingapo, fyuluta yotha kuzunguza madzi onse a muthanki kanayi kapena kasanu pa ola, ndi hita ya mawati 150 yomwe ndinaitchera pa madigiri 25. Kuno June ndi July kumazizira zedi, m'nyumba momwe mumachita kufuna jekete, choncho nsomba za kumadera otentha popanda hita sizingakhale. Mbali ina ya galasi ndinamata thermometer, kuti ndisamangokhulupirira nambala ya pahita.

Zomera ndinasankha zosavuta: Java fern, Anubias ndi Vallisneria. Ziwiri zoyambazo simuzikwirira tsinde mumchenga, zimaola. Ndinazimangirira kuchipika ndi ulusi mpaka mizu itagwira yokha. Vallisneria ndiye ndinamubzala kumbuyo, udzu wa masamba ataliatali ngati maliboni, womwenso umamera m'malo osaya a m'nyanja yathu ija.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, ndipo m'mizinda yambiri amathiramo chloramine, yemwe sauluka ngakhale mutasiya madzi mundowa usiku wonse. Zonse ziwirizi zimapha nsomba ndi mabakiteriya omwe. Pali mankhwala a m'botolo ochotsera zimenezi, ndipo ndimathira nthawi iliyonse ndikamaonjezera madzi, osaphonya.

Kenako inafika ntchito yomwe inandiyesa mtima: kuyatsa zonse n'kusiya thanki ikuyenda yopanda nsomba. Ndinagula mankhwala oyezera madzi, aja mumadontheza m'kabotolo ka galasi n'kufanizira mtundu wake ndi tchati, komanso kabotolo ka ammonia wopangidwira ntchito imeneyi. Ndinathira mpaka muyezo unafika 2 ppm (ppm ndi muyezo wa kuchuluka kwake m'madzi), n'kumayeza masiku awiri alionse ndikulemba m'kope. Sabata yoyamba panalibe chosintha. Cha m'ma tsiku la 10 ammonia anayamba kutsika, ndipo madzi a m'kabotolo ka nitrite, omwe masiku onse ankakhala abuluu, anasanduka ofiirira ngati maluwa a jakaranda. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, iwo n'kumadabwa kuti ndikusangalalira chiyani poti nsomba mulibe. Apa ndiye panatenga nthawi. Nitrite anakwera n'kukhazikika pamwamba masabata oposa awiri, ine ndikungothirabe ammonia pang'onopang'ono kuti mabakiteriya oyamba aja asafe ndi njala. Alendo akabwera ankasuzumira pagalasi n'kufunsa kuti nsombazo zabisala kuti. Mwana ankafunsa m'mawa ulionse. Ndinkangokumbuka nsomba 8 zija n'kuugwira mtima.

Mu sabata yachisanu ndinathira ammonia madzulo, mawa lake nthawi yomweyo ndinapeza ammonia ali pa 0, nitrite pa 0, nitrate atakwera. Ndinabwereza masiku atatu otsatizana, zotsatira zake zomwezo. Pamenepo ndinachotsa madzi oposa theka kuti nditsitse nitrate, n'kuthira ena atsopano ofunda mofanana. Mukakhala ndi mnzanu yemwe ali ndi thanki yakale yathanzi, mupempheni kachidutswa ka siponji ya mufyuluta yake, masiku odikira amachepa kwambiri. Ine panthawiyo ndinalibe womudziwa.

Posankha nsomba mtima wanga unali pa mbuna, sindingabise. Ndinabwerera pathanki ija kangapo, makamaka kuyang'ana zachikasu zija amazitcha Labidochromis caeruleus, zomwe kwawo ndi m'magombe a cha ku Nkhata Bay. Koma amene anazionapo m'miyala ya ku Cape Maclear akudziwa khalidwe lake: yamphongo iliyonse imagwira phanga lake n'kumathamangitsa chilichonse chodutsa. M'nyanja yothamangitsidwayo imathawira kutali, muthanki imakathera pakona. Mbuna zimafuna thanki yazokha, yaikulu kuposa yangayi, yodzaza miyala, madzi olimba (okhala ndi michere yambiri yosungunuka kuchokera m'miyala) a pH cha m'ma 8 (pH ndi muyezo wa asidi m'madzi), ndi chakudya cha zamasamba chifukwa zambiri mwa izo zimadya ndere za pamiyala. Zimafukulanso zomera. Kuziika pamodzi ndi tinsomba tofatsa n'kupereka tinsombato kuimfa. Ndinazisiya, ngakhale mpaka lero ndikapita kusitoloko ndimayamba ndaima pomwepo.

Mfundo yomwe ndinatsata ndi yakuti ndisankhe nsomba zogwirizana ndi madzi omwe ndili nawo, m'malo molimbana ndi kusintha madziwo. Nditayeza a pampopi wathu ndinapeza pH yoposa 7.5, choncho ma neon tetra, omwe kwawo ndi ku Amazon m'madzi ofewa, ndinayamba ndawaika pambali. Ndinaganiziranso thanki ngati nyumba yosanja: ena okhala pamwamba, ena pakati, ena pansi, kuti asamapanikizane.

Oyamba kulowa anali ma zebra danio 8, tinsomba tamizere ta ku India ndi maiko oyandikana nalo, tolimba komanso tosakhazikika, tokonda kumtunda. Nsomba zoyenda m'gulu musamagule ziwiri kapena zitatu. Zikachepera 6 zimakhala mwamantha kapena zimayamba kulumana. Nditafika nazo kunyumba ndinazimitsa getsi la thanki, n'kuyandamitsa thumba lawo pamadzi mphindi 20 kuti kutentha kufanane. Kenako ndinamasula thumba n'kumathiramo kakapu ka madzi a muthanki mphindi zisanu zilizonse, kanayi. Pomaliza ndinawawola ndi kaukonde n'kuwatsitsira muthanki, madzi a kusitolo aja n'kukataya kusinki. Anayamba aunjikana kuseri kwa chipika, phee. Patapita mphindi zochepa mmodzi anatuluka, anzake pambuyo, n'kuyamba kuthamangitsana kutsogolo kwa madzi otuluka mufyuluta. Mwana anakhala pansi pomwepo mpaka nthawi yogona.

Ndinadikira masabata awiri ndikuyeza madzi, kenako ndinaonjezera ma platy, nsomba za ku Mexico ndi Central America zomwe zimakonda madzi olimbirapo: yamphongo imodzi, zazikazi zitatu. Zamphongo zikachuluka zimatopetsa zazikazi. Izi siziikira mazira, zimabereka ana amoyo pafupifupi mwezi ulionse, ndiye muganiziretu kopita nawo. Anga ambiri amadyedwa akadali ang'onoang'ono, opulumuka m'masamba a Vallisneria ndimagawira anzanga. Kukataya nsomba za m'thanki mumtsinje kapena m'damu ayi, zimakaononga nsomba za komweko.

Patapitanso masabata awiri kunabwera omwe ndimawakonda kuposa onse, timilamba ta ku South America totchedwa Corydoras, 6 tamtundu wa bronze. Timayenda pamodzi pansi tikufufuza mumchenga ndi tindevu take, mchenga wina ukutulukira m'mbali mwa mutu. Mwadzidzidzi kamodzi kamathamangira pamwamba, n'kumeza mpweya, n'kubwerera pansi ngati muvi. Tsiku loyamba ndinachita mantha kuganiza kuti madzi aonongeka, koma ndi chibadwa chawo, amatha kutenga mpweya kudzera m'matumbo. Anthu ena amawagula kuti azidya zotsala za anzawo basi, zomwe ndimaona kuti n'kulakwa. Amafuna chakudya chawochawo chomira pansi. Womaliza anali bristlenose mmodzi wodya ndere, wa gulu la nsomba zotchedwa pleco, yemwe amakula kufika masentimita 12 kapena kuposerapo pang'ono ndipo amafuna chipika choti azipala. Apa chenjerani, chifukwa pali pleco wina wofanana naye akadali wamng'ono yemwe amakula kupitirira masentimita 30. Funsani dzina lenileni musanalipire.

Zina ndinazikana ngakhale zinali zokongola. Tiger barb amaluma zipsepse za anzake, angelfish akakula amameza tinsomba tating'ono, goldfish ndi wa madzi ozizira ndipo amadetsa madzi kwambiri.

Vuto linabwera ndi ma platy awiri omwe ndinadzaonjezera mochedwa osawapatula kaye. Patatha masiku anayi ndinaona danio mmodzi akudzikhula pamwala, pazipsepse pake pali timadontho toyera ngati wawazidwa mchere. Awa ndi matenda a white spot. Kachilombo kake kakakhala pakhungu la nsomba mankhwala sakakhudza, amakapha pokhapokha katagwa n'kuswana, ana ake akusambira m'madzi kufuna nsomba ina. N'chifukwa chake simusiya mankhwala timadontho tikangotha. Ndinachotsa makala a mufyuluta chifukwa amayamwa mankhwala, ndinakweza hita pang'onopang'ono kufika madigiri 28, n'kuthira mankhwala motsata zolembedwa pabotolo mpaka masiku angapo timadontho titatha. Mchere, womwe ena amachizira matendawa, sindinathire poopa kuti ungavulaze timilamba tija. Ndinataya danio mmodzi. Kuyambira pamenepo kathanki kaja ka malita 30 kanapeza ntchito: nsomba iliyonse yatsopano imayamba yakhala mmenemo masabata atatu.

Mu 2023 magetsi ankazima maola angapo tsiku lililonse, nthawi zina kawiri kapena katatu. Fyuluta ikaima nthawi yaitali mabakiteriya amasowa mpweya, ndipo ntchito ya masabata asanu ija ingathe kubwerera m'mbuyo. Ndinagula kapampu ka mpweya ka batire komwe kamayaka kokha magetsi akazima, ndipo usiku wozizira ndinkafunditsa thanki bulangete. Masiku amenewo ndinkachepetsanso chakudya kuti zinyalala zichepe.

Pano ntchito yake ndi ya Loweruka m'mawa. Ndimazimitsa hita ndi fyuluta, n'kupopa malita 30 ndi payipi ndikuyendetsa pamwamba pa mchenga kuti ndichotse zinyalala. Madzi amenewo mayi a kunyumba amathirira mpiru ndi tomato wa m'zidebe pakhonde. Kamodzi pamwezi ndimafinya siponji ya fyuluta m'madzi omwe ndapopawo, osati pampopi, kuopa kuti klorini angaphe mabakiteriya. Getsi limayaka maola 8 patsiku. Kudyetsa ndi ntchito ya mwana: kamodzi patsiku, kachakudya kongotsina ndi zala ziwiri kotha m'mphindi ziwiri, ndi timibulu titatu tomira ta timilamba. Lamlungu sadyetsa. Kope lija ndikulembabe, ndipo kumapeto kwake ndayamba kuwerengera za thanki ina ya malita 250 ndi mulu wa miyala yomwe mbuna zingafune.