Boti lotiperekeza analichotsa Lolemba

Ndikulemba izi Lamulungu madzulo, sitima itakocheza pa doko la Onne, ku Nigeria. Anzathu awiri atsika kale, akubwerera kwawo kontrakiti isanathe, ndipo palibe amene akuwanena. Ine ndatsala, koma chichokereni Lachinayi tulo sindikutipeza, ndipo wina akamenyetsa chitseko mtima umangoti phwii.

Ndine injiniya wachiwiri pa sitima yonyamula katundu wa pa rig, nsanja yokumbira mafuta pakati pa madzi, m'nyanja ya ku Nigeria. Za injini ndinaphunzira ku Monkey Bay, ndipo zaka zanga zoyamba ndinathera pa nyanja yathu, kumene munthu amaopa mwera. Mwera umachenjeza, umauona ukubwera. Kuno chimene timaopa ndi munthu mnzathu, wobwera usiku pa boti lopanda nyali.

Lolemba tinapakira monga mwa masiku onse: mapaipi, simenti, matope obowolera, madzi, dizilo ndi makontena a zakudya. Masana ake kunabwera imelo yochokera ku ofesi, yonena kuti boti la asilikali lotiperekeza silikhalanso lathu tokha, tizigawana sitima zitatu. Amene simunagwirepo mbali ino mudziwe kuti m'madzi a Nigeria saloleza kampani kuika alonda ake amfuti pa sitima. Ogwira mfuti ndi asilikali apanyanja a boma, ndipo amakwera boti lapadera limene kampani imalipira tsiku ndi tsiku. Botilo likachoka timatsala ndi waya wamalezala, mapaipi ozimitsira moto ndi chitseko cha citadel, chipinda chachitsulo chimene timadzitsekeramo achifwamba akakwera sitima, basi.

Chifukwa chimene analemba n'chakuti chiopsezo chachepa. Kuchepa kwachepadi, sindikutsutsa. Mu 2020 bungwe la IMB, limene limalemba ziwembu za achifwamba apanyanja, linawerenga anthu 130 ogwidwa pa sitima mu Gulf of Guinea muno, mwa anthu 135 a dziko lonse lapansi. Mu 2021 anali 57, ndipo zaka zotsatira anatsika kwambiri. Nigeria inakhazikitsa lamulo lothana ndi achifwamba apanyanja mu 2019, inayambitsa ntchito yolondera nyanja yotchedwa Deep Blue mu June 2021 ndi maboti ndi ndege zake, ndipo mu November chaka chomwecho sitima yankhondo ya ku Denmark, Esbern Snare, inawomberana nawo n'kupha anayi. Zonsezi zinathandiza. Komatu mu March 2023 achifwamba anakwera sitima ya Monjasa Reformer kutali ndi gombe la Pointe-Noire, ku Congo, n'kutenga anthu asanu ndi mmodzi. Anyamata aja sanapite kulikonse, maboti awo alipo, mfuti zawo zilipo. Kaputeni anayankha imelo ija mokana, ndipo anamubwezera mzere umodzi wakuti titsatire BMP, malangizo a mmene sitima ingadzitetezere kwa achifwamba.

Lachiwiri tinatsika mtsinje wa Bonny asilikali ali pambuyo pathu. Lachitatu tinakhala pa DP, makina oimitsa sitima pamalo amodzi popanda nangula, pambali pa rig tikutsitsa katundu, ine ndikulimbana ndi pampu ya madzi oziziritsa jenereta yachiwiri imene inkadontha. Fumbi la harmattan, mphepo youma yochokera ku chipululu cha Sahara, linali litakuta nyanja yonse, dzuwa likuoneka ngati mwezi.

Lachinayi crane ya pa rig inawonongeka, ndiye anatiuza kuti tituluke m'dera la mamita 500 tikadikire. Tinapita patali ndithu n'kumangoyandama pang'onopang'ono, poti dizilonso amatiwerengera. Cha m'ma 4 koloko madzulo boti la asilikali linatsanzika, likupita kukatenga sitima ina ku Bonny. Ndinali panja ndikupuma mphepo pamene linkazimiririka m'fumbi muja, ndipo bosun, kapitawo wa amalinyero, amene kwawo ndi ku Niger Delta komweko, anangopukusa mutu osanena kanthu. Sitima ngati yathuyi kumbuyo kwake n'kwapafupi ndi madzi, makwerero aafupi amakwana, ndipo liwiro lathu silifika ngakhale theka la boti lawo.

Ndinalowa ntchito 12 koloko usiku. Nthawi ili 2:40 alamu inalira, kenako mawu a kaputeni pa sipika, katatu: citadel. Kadontho kanaoneka mochedwa pa radar, kali kale pafupi. Kaputeni anadina batani la SSAS, lodziwitsa akumtunda kuti sitima yaukiridwa, anakuwa pa channel 16 ya wayilesi, yoitanira thandizo, n'kutsika. Ine ndi chifu, injiniya wamkulu, tinazimitsa injini n'kudula magetsi a sitima yonse, monga timachitira poyeserera mwezi ndi mwezi, n'kuthamangira kuchipinda cha chiwongolero, kumene kuli citadel yathu.

Tili anthu 14. Kaputeni anawerenga ndi tochi, anapeza 13. Anawerenganso, 13. Amene ankasowa anali wophika wathu, bambo wachikulire wa ku Ghana. Sipika ya m'chipinda chake inafa mu November ndipo inalembedwa m'buku la zofunika kukonza, koma yatsopano sinabwere. Lamulo mukulidziwa: chitseko chikafika nthawi yotseka chimatsekedwa, chifukwa akagwira mmodzi panja amamugwiritsa ntchito kutsegulitsa ena onse. Kunja kunali kutamveka kale mfuti. Bosun anati, “Bwana kaputeni, ndipatseni mphindi imodzi yokha.” Sanadikire yankho. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri, chifu ali ndi mpiringidzo m'manja, ndipo mphindi ija ndinaiwerenga ndi kugunda kwa mtima. Anabwera akuwakoka m'dala aja pa dzanja, ali osavala nsapato, akufunsabe kuti kwagwanji. Tinatseka, tinapiringidza.

Kaputeni anatsegula kabokosi ka foni ya setilaiti. Anadina, zii. Anadinanso, zii. Batire lake linatupa mu October. Fomu yopempha lina ndinalemba ndine, ndi dzanja langali, ndipo ndinakumbutsa kawiri. Yankho lomaliza linali lakuti tidikire bajeti ya chaka chatsopano. Citadel yopanda foni ndi bokosi chabe lachitsulo. Nzeru yonse yobisala imagona pakuti kunja kuli wina amene akudziwa kuti nonse muli mkati, ali m'njira, ndipo mukutha kulankhulana naye. Ife tinali ndi kawayilesi kam'manja kamene m'kati mwa zitsulo kamangogwira mawu oduka-duka.

Chitsulo chimanyamula phokoso lililonse. Tinamva mapazi pamwamba pathu, magalasi akusweka ku bridge kumene amayendetsera sitima, zitseko za zipinda zikuthyoledwa chimodzichimodzi. Mkati munali mdima ndi kutentha kosaneneka, poti mafani tinazimitsa tokha, fungo la mafuta a hydraulic likutsamwitsa, ndowa imodzi pakona. Patapita nthawi mapazi anatsika masitepe, anaima. Kenako nyundo. Ndinaidziwa kulira kwake, inali nyundo yathu yaikulu ya ku workshop, imene ndinaigwira Lachitatu lomwelo. Amamenya, kupuma, kumenya, ndipo pakati pake wina ankakuwa m'pidgin kuti titulutse kaputeni ndi chifu, enafe satikhudza.

Palibe anayankha, koma ndikudziwa chimene aliyense ankaganiza. Sitima ya Mozart, January 2021, kufupi ndi São Tomé. Kumeneko anakhala maola akulimbana ndi citadel mpaka anaiboola, anapha injiniya wa ku Azerbaijan n'kutenga anthu 15 a ku Turkey. Ndipo sitima zonga yathuyi akhala akuzidziwa kalekale: Bourbon Liberty 249 mu October 2012, anatenga anthu asanu ndi awiri, C-Retriever mu October 2013, kufupi ndi Brass, kaputeni ndi chifu. Ngakhale Bonga, sitima yaikulu yopopa mafuta imene ili makilomita 120 kuchokera kumtunda, anaifikira pa maboti mu June 2008. Amene amakwera sitima ngati yathu safuna simenti kapena mapaipi. Amafuna anthu oti akawasunge m'timitsinje ta ku Delta, m'matope ndi udzudzu, masabata angapo, mpaka dipo litaperekedwa. Chifu anakhala moyandikana nane, phewa lake likugunda langa, ndipo ndinkamva kuti akunjenjemera. Ndinkadziwanso kuti chitseko chikagonja sadzasiyira pa awiri okha.

Mnyamata wathu wophunzira ntchito, wazaka 22, anayamba kulira mokweza. Wophika uja anamukumbatira ngati mwana wake n'kumutseka pakamwa mofatsa. Ine ndinapemphera m'Chichewa chamumtima, ndikutchula ana anga mayina mmodzimmodzi.

Cha m'ma 4 koloko nyundo inaleka. Tinamva mapazi othamanga, kenako injini ya boti ikupita kutali. Sitinatsegule. Itakwana 5 kunabwera kugogoda kwina, munthu akunena kuti ndi msilikali, titsegule. Mwina anali woona. Koma achifwamba nawo amadziwa kunena mawu omwewo, ndipo n'chifukwa chake pamakhala liwu lachinsinsi limene woyang'anira chitetezo ku kampani amapereka kwa otipulumutsa, ife n'kutsimikiza pa foni. Foni inalibe moto. Kaputeni anati, “Satsegula munthu pano.” Madzi akumwa anali atatsala pang'ono, wophika anayamba kupuma movutikira, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti titsegule tione. Anakanitsitsa, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Liwu lija linadzamveka pa kawayilesi 7 koloko itapitirira, mkulu wa boti lotiperekeza ataimbira kumtunda n'kulipeza. Maola awiri ndi kanthu tinakhala m'ng'anjo muja asilikali ali kale pa sitima, chifukwa cha batire.

Titatuluka tinapeza bridge ili bwinja, mawayilesi ataswedwa, zipinda zitatembenuzidwa. Anatenga mafoni, ndalama, zovala, ndi laputopu yanga mmene munali zithunzi zonse za ana kuyambira ali makanda. Izo zilibe kanthu. Chimene ndinapita kukaona ndi chitseko. Mwa mahinjesi atatu, awiri anali atang'ambika powotcherera, lachitatu litapindika. Ntchito yanga ndi ya zitsulo, ndimadziwa chitsulo chikatopa. Akanapitiriza theka la ola, bwenzi ndikulemba zina, kapena osalemba n'komwe. Achifwambawo anathawa chifukwa a pa rig anamva kukuwa kwa kaputeni pa channel 16 n'kuitana asilikali aja kuti abwerere.

Bosun anandipeza pamenepo. Anati anyamata otere amawadziwa, ena amachokera m'midzi imene mafuta otayika anapha nsomba, kumene mwana amakula akuona moto wa gasi ukuyaka usiku wonse koma kwawo kulibe magetsi. Ndinamumva, ndipo ndikukhulupirira kuti akunena zoona. Ndinakulira pakati pa asodzi, ndikudziwa mudzi umene nsomba zatha. Koma amene anali mkati mwa chitseko chija ndi wophika, bosun, mwana wophunzira ntchito, anthu otumiza ndalama kwawo mwezi ukatha. Amene anawononga mitsinje ija sagona pa sitima.

Tsopano chimene chandipangitsa kulemba. Lachisanu masana ofesi inaimba pa foni ya asilikali. Atamva kuti palibe wavulala, funso lotsatira linali lakuti DP ikugwirabe ntchito kodi, ndipo katundu wotsala titsitsa liti. Kenako anatumiza mawu oti kaputeni alembe mu lipoti: anthu osadziwika anakwera sitima n'kuba katundu wa ogwira ntchito. Za mfuti ayi, za nyundo ayi, za kuitana kaputeni ndi chifu ayi. Anatikumbutsanso kuti tisalembe kanthu pa Facebook. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: nkhani ikalembedwa monga inachitikira, inshuwalansi imakwera, ofufuza amaimitsa sitima, ndipo kampani ya mafuta imene yatibwereka imayamba kufunsa mafunso.

Taonani mmene chinthuchi chimazungulirira. Chiwembu chofuna kugwira anthu chikalembedwa ngati kuba wamba, chiwerengero cha chaka chimaoneka chotsika. Chiwerengero chikatsika, munthu wa mu ofesi amachitenga n'kulemba imelo yakuti chiopsezo chachepa, boti la asilikali ligawidwe patatu. Boti likachoka, achifwamba amabwera, ndipo amatiuzanso kuti tilembe kuti kunali kuba. Amene amalipira kuzungulira kumeneku ndi ife okhala kuseri kwa chitseko. Kaputeni anakana kusintha ngakhale liwu limodzi. Anatumiza lipoti lonse ku MDAT-GoG, kumene amalandira malipoti a ziwembu za m'nyanja ino, ndi ku ofesi ya IMB ya ku Kuala Lumpur, n'kutiwerengera tonse m'chipinda chodyera asanalitumize. Akudziwa kuti mwina kontrakiti yake saikonzanso.

Loweruka tinabwerera ku Onne mothandizidwa ndi mawayilesi obwereka. Tisanamalize n'komwe kumanga zingwe, pa doko panali galimoto ndi kabokosi: mabatire awiri a foni ya setilaiti ndi sipika yatsopano. Chinthu chimene ndinapempha miyezi itatu chinapezeka tsiku limodzi. Ndinachilandira, ndinasaina, ndipo ndinapita kuchipinda cha injini kukakhala ndekha, chifukwa mkwiyo umene ndinali nawo sunali woti ndilankhule ndi munthu.

Lero m'mawa ndinaimbira mayi a kunyumba pa foni yobwereka. Anati, “Bambo, mawu anuwo sali bwino, mukudwala?” Ndinawauza kuti foni yanga inabedwa ndipo ndatopa. Zonse ndikawafotokozera ndikafika, tili pansi pamodzi, osati pa foni ali okha ndi ana. Fizi ya teremu ino ikudikira, nyumba ya ku Mangochi sinafoleredwe, ndipo kontrakiti yatsala ndi masabata asanu.

Masana onse ndakhala ndikuwotcherera mahinjesi atsopano, ndawonjezera ndi mipiringidzo iwiri mkati. Foni ndaiyesa ndekha kuchokera mu citadel, chitseko chili chotseka, ndipo yalira. Mawa akufuna tipakirenso. Anthu 12 amene tatsala tasaina kalata imodzi, kaputeni pamwamba, yakuti chingwe sichimasulidwa pa doko lino mpaka atatilembera kuti boti la asilikali likhala nafe kuchoka pa Bonny mpaka kubwerera. Kalatayo yapita 5 koloko, ndipo yankho silinabwere.